Kuchokera m'Khola la Chikuse Kufika pa Chiwaya cha ku Ulongwe

Dziko la Angónia lili pamwamba. Munthu akanyamuka mumzinda wa Tete, kumene dzuwa limawotcha ngakhale m'mamawa, n'kudutsa Moatize, n'kukhotera kumpoto pa Mussacama, msewu umayamba kukwera ndipo milambe imatsalira m'mbuyo. Akamafika ku Ulongwe, likulu la bomali, amakhala atayamba kale kufunafuna juzi m'chikwama. Chapatali kumaoneka phiri la Domwe, lomwe nsonga yake imapitirira mamita 2,000. Kum'mawa kuli Dedza ndi Ntcheu, ndipo m'malo ena malire a Malawi ndi Mozambique ndi msewu wa M1 weniweniwo. Kuzizira kumeneku ndiko phata la nkhani yathu, pakuti kashembe, ntchentche imene imatha ng'ombe m'zigwa za Zambezi ndi Shire, sakhala kumalo ozizira chotere. Kumene kulibe kashembe ng'ombe imaswana, ndipo kumene ng'ombe imaswana anthu amalimbirana. Nyama imene ikuwotchedwa lero pa misika ya Ulongwe, Domwe, Calomue, Lizulu ndi pa mphambano ya Tsangano mbiri yake ndi yaitali kuposa msika uliwonse mwa imeneyi.

Oyamba kuwotcha nyama m'mapiri amenewa anali Akafula, alenje aafupi aja amene anasiya zojambula zofiira m'mapanga a Chongoni, tsidya la ku Dedza. Iwowa ankadya za m'tchire, ndipo atafika anthu olima ndi osula zitsulo anazimiririka pang'onopang'ono. Obwerawo ndiwo makolo a Achewa, ndipo nthambi yawo imene inakhazikika m'mapiri a pakati pa Dedza, Ntcheu ndi Angónia inkatchedwa Antumba. Linali dziko la Amaravi, Kalonga ali ku Mankhamba kufupi ndi nyanja, Undi ali kumadzulo, midzi ya m'mapiri ikulima mapira ndi mawere, kenaka chimanga chitafika.

Mchewa wa nthawi imeneyo sankadya nyama tsiku ndi tsiku, ndipo yambiri imene ankadya sinkachokera m'khola. Mbuzi zinalipo, nkhuku ndi nkhunda zinalipo, koma chiweto sichinkaphedwa chifukwa cha nkhuli chabe. Mbuzi inkafera maliro, nsembe ya mvula ku kachisi, kapena mlandu. Nkhuku inkafera mlendo. Nyama yothetsa nkhuli inali ya kutchire. M'chilimwe udzu ukauma, mwini tchire ankamema uzimba: amuna a midzi ingapo ankasonkhana ndi agalu, mauta, nthungo ndi zibonga, tchire n'kuyatsidwa, gwape, insa, nguluwe ndi kalulu n'kumathawira m'manja mwa anthu. Ngakhale m'phokoso ndi mu utsi momwemo lamulo linalipo. Woyamba kulasa ndiye anali mwini nyama, wothandiza kutsiriza anali ndi gawo lake, ndipo mwini dziko ankalandira mwendo. Yotsala inkawambidwa pamoto kuti isawole, n'kumadyedwa pang'onopang'ono. Anyamata nawo anali ndi uzimba wawo akatha kukolola: kukumba una wa mbewa, kufukiza utsi, kuwiritsa ndi mchere, kupanira pa mpani n'kuumitsa pamoto. Mpani wa mbewa umene mnyamata amakwezera galimoto m'mbali mwa M1 lero unayamba kalekale, ng'ombe ya Mngoni isanaponde m'mapiri muno.

Zinthu zinatembenuka atafika Angoni. Nkhondo za m'nthawi ya Shaka zitabalalitsa mitundu kummwera kwa Africa, magulu awiri akuluakulu anawoloka Zambezi. La Zwangendaba Jere linawolokera cha ku Zumbo mu November 1835, tsiku limene kunachita kadamsana. La a Maseko, lochokera m'chigwa cha mtsinje wa Usutu m'dziko limene lero ndi Eswatini, linawoloka palokha chakumunsi ndipo linakwera mpaka pa Domwe. Ulendo woyambawo sanakhalitse. Motsogozedwa ndi Mputa anawoloka Shire, n'kulambalala nyanja chakum'mawa mpaka ku Songea, ku Tanzania ya lero. Kumeneko anakumana ndi nthambi ina ya anthu a Zwangendaba, ubale unasanduka udani, ndipo Mputa anaphedwa. Mbale wake Chidyaonga, amene ankagwirizira mpando wa Chikuse mwana wa Mputa, ndiye anatenga anthu n'kubwerera nawo kummwera. Cha m'ma 1870 anali atafikanso pa Domwe. Anthu amene anaona maiko ambiri chotero anasankha phiri lomwelo kachiwiri, ndipo chimene chinawakoka n'choonekeratu: msipu, madzi a Lifidzi ndi Mawe, mphepo yozizira, ndi midzi ya alimi yoti n'kuigonjetsa. Dzina lakuti Angónia, limene Apwitikizi anapereka pambuyo pake, linachokera kwa anthu amenewa.

Mngoni ankamanga mudzi mozungulira khola. Khola linali pakati, nyumba za inkosi ndi amayi ake kumtunda, ndipo amuna ankakamba milandu pa chipata cha kholalo. Mkazi ankalowoledwa ndi ng'ombe, ana n'kukhala a kuchimuna, zosiyana kotheratu ndi chikamwini cha Achewa. Chikopa chinkasanduka chishango, china chovala, china chokulungira mtembo wa munthu wamkulu. Mkaka unkasungidwa m'zipanda mpaka kusanduka chambiko. Ndipo m'khola munkakhala ng'ombe yoperekedwa kwa mzimu wa kholo lina, imene munthu sankaigulitsa kapena kuizunza. Matenda akavuta pamudzi, kapena chilala chikakula, akuluakulu ankaima m'kholamo n'kutchula mayina a makolo mmodzimmodzi, ng'ombe n'kuphedwa ndi nthungo.

Apa ndi pamene kuwotcha nyama kunali ndi ulemu wake wonse. Ng'ombe ikagwa, aliyense pamudzi ankadziwa gawo lake mpeni usanakhudze chikopa. Mwambo umene anabwera nawo kuchokera kummwera unkagawa nyama motsata ukulu ndi ubale: madoda gawo lawo, amayi a nyumba yaikulu lawo, azakhali lawo, anyamata obusa lawo. Amuna ankawotcha yawo pa makala a nkhuni pafupi ndi khola, nyama n'kumadulidwa nthuli ndi munthu mmodzi, wamkulu n'kuyamba kutenga, ena n'kutsatira, chipanda cha mowa wa masese chikuzungulira. Magazi sankatayika: ankaphikidwa pamodzi ndi mafuta ndi zam'kati kukhala uwende, chakudya chimene mpaka lero Mngoni akachitchula amameza malovu. Ndulu inkapopedwa mpweya n'kuvalidwa kumutu ndi munthu amene mwambowo unali wake. Panalibe mtengo, panalibe sikelo. Munthu ankadya chifukwa cha malo ake pamudzi, ndipo kumanidwa gawo lako unali mlandu woti n'kukamba pabwalo.

Koma tisakometse mbiri imeneyi mopitirira. Ng'ombe zambiri za m'makola a Chikuse zinali zolanda, ndipo anthu ambiri ozibusa anali ogwidwa kunkhondo. Chaka ndi chaka, dzinja likatha, magulu a nkhondo ankatsika m'mapiri kukathira midzi ya Achewa, Amang'anja ndi Ayao. Mu 1884 anawoloka Shire n'kusakaza midzi ya kufupi ndi Blantyre, anthu n'kuthawira m'mapiri ndi kumishoni. Kuno kumtunda Achewa ena anakwera pa nsonga za mapiri n'kumalima m'miyala, ena anamanga malinga, ambiri anagonja n'kumapereka msonkho wa chimanga ndi ana awo. Fungo la nyama pa khola la inkosi linali chisangalalo kwa ena, kwa ena linali chikumbutso cha khola lawo limene linatsala lopanda kanthu. Amene amasimba za ulemerero wa Angoni osatchula zimenezi amangosimba theka la nkhani.

Ogwidwawo ndiwo anasintha owagwira. Ana a Angoni analeredwa ndi amayi achichewa, anayamwa Chichewa, ndipo pasanathe mibadwo iwiri Chingoni chinatsalira m'nyimbo za ngoma, m'mayina a mafuko ndi m'mawu otamanda mafumu. Mngoni amene poyamba ankanyansidwa ndi nsomba ndi mbewa anapezeka kuti mdzukulu wake akukumba una pamodzi ndi anzake ku ubusa. Mchewa naye anaphunzira kuweta ng'ombe, kuvina ngoma ndi kudzitcha Mngoni. Anthu a m'mapiri muno lero ndi zidzukulu za mbali zonse ziwiri, ndipo kadyedwe kawo n'kochokeranso mbali zonse ziwiri.

Chaka cha 1891 chinabweretsa zinthu ziwiri nthawi imodzi. Chikuse anamwalira, ndipo mwana wake Gomani analowa ufumu n'kuyamba kumenyana ndi Kachindamoto, mdzukulu wa Chidyaonga, amene pamapeto pake anakakhazikika ku Mtakataka. M'chaka chomwecho, pa 11 June, Angelezi ndi Apwitikizi anasaina pangano logawana dziko. Anati malire atsate msana wa mapiri: kumene madzi amatsikira ku nyanja kukhale kwa Angelezi, kumene amatsikira ku Zambezi kukhale kwa Apwitikizi. Msana umenewo unadutsa pakatikati pa ufumu wa a Maseko. Phiri la Domwe ndi manda a makolo zinagwera kwa Apwitikizi, midzi ina yambiri kwa Angelezi, eni ake osafunsidwa. Gomani anakana msonkho wa nyumba, anakananso kuti anyamata ake azipita kukagwira ntchito m'minda ya azungu. Mu October 1896 asilikali a Angelezi anamuthira nkhondo, anamugwira ndipo anamupha cha ku Dombole, m'boma la Ntcheu. Midzi inatenthedwa, ng'ombe zinatengedwa. Patapita zaka zochepa Apwitikizi nawo anakhazikitsa ulamuliro wawo tsidya lawo, ndipo boma lawo analitcha Vila Coutinho, lomwe ndi Ulongwe wa lero. Kuyambira pamenepo banja lachifumu linakhala ndi mipando iwiri, wa a Gomani ku Ntcheu ndi wa a Zintambira ku Angónia.

Nkhondo zolanda zitatha, khola linasiya kudzaza ndi nthungo. Ndipo panabwera chinthu chimene ng'ombe inali isanakumane nacho: ndalama. Boma la Apwitikizi linkafuna msonkho, ndipo wolephera ankagwidwa ndi asupayi, kumenyedwa m'manja ndi thabwa la mabowo, kapena kutumizidwa ku chibalo. Angónia, pokhala dziko la anthu ambiri ndi amphamvu, inasanduka nkhokwe ya antchito a m'minda ya nzimbe ya Sena Sugar Estates kumunsi kwa Zambezi, kumalo otentha ndi a malungo kumene munthu wa kumapiri ankafooka msanga. Ena anathawira ku Nyasaland, kumene kunali kungodumpha msewu. Ena anapita ku Halale ndi ku Joni, kumigodi ndi m'mafamu. Wotsala pamudzi msonkho ukamuthina ankayang'ana m'khola, ndipo ng'ombe imene kale inkatuluka pa chipata chifukwa cha ukwati kapena mzimu inayamba kutuluka chifukwa cha chiphaso cha msonkho.

Nthawi yomweyo kunafika zakudya zatsopano ndi kadyedwe katsopano. Ansembe achijezwiti anatsegula mishoni ya Lifidzi zaka zoyambirira za m'ma 1900, kenaka Fonte Boa mu 1945. A Dutch Reformed anatsegula Mphatso mu 1909, ngakhale kuti Apwitikizi anawatsekera mu 1922. Pamodzi ndi amishoni, alimi achizungu ndi eni masitolo kunafika mbatatesi, tirigu, kabichi ndi mapichesi, mbewu zokonda kuzizira zimene zinamera bwino ku Tsangano ndi m'madimba a Angónia. Nkhumba zinachuluka m'midzi. M'masitolo a Apwitikizi anthu anaona nkhuku yong'ambidwa pamsana, yonyikidwa mu ndimu, adyo ndi tsabola wa piripiri, ikuwotchedwa pa waya, ndipo ophika ake anali ana a m'midzi momwemu. Nawo matchona obwera kuchokera kumigodi anali atazolowera nyama ya pa sabata ya m'komboni, ndiponso kugula kanthuli pa butchala n'kukawotcha pafupi ndi malo omwera mowa. Anabwera ndi njinga, masuti ndi nkhuli yatsopano, yofuna nyama popanda maliro kapena ukwati.

Malirewo anali khomo lotsegukira mbali zonse. Mu 1953 Inkosi Philip Gomani II, amene likulu lake linali pa Lizulu, anauza anthu ake kuti akane chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland. Boma litafuna kumuchotsa m'dziko lake, anathawira ku Angónia ali wodwala, pamodzi ndi mbusa Michael Scott. Apwitikizi anamubweza m'manja mwa Angelezi, ndipo anamwalira chaka chotsatira. Anathawira kwa abale ake, monga momwe abale akewo anakhala akuthawira kwa iye pothawa chibalo.

Frelimo inayambitsanso nkhondo ya ufulu m'chigawo cha Tete mu 1968, ndipo ufulu unabwera pa 25 June 1975. Vila Coutinho inakhala Ulongwe. Alimi achizungu ndi eni masitolo atachoka, boma latsopano linasonkhanitsa minda yawo kukhala munda waukulu wa boma wotchedwa CAIA, ndipo anthu analimbikitsidwa, ena kukakamizidwa, kusamukira m'midzi ya pamodzi. Mafumu anachotsedwa mphamvu powaganizira kuti ankatumikira atsamunda. Ndalama ya metikali inabwera mu 1980, koma m'masitolo munalibe zogula, ndipo anthu ankawoloka msewu ndi chimanga, mbatatesi kapena mbuzi kukasinthanitsa ndi sopo, mchere ndi shuga wa ku Malawi.

Kenaka inafika nkhondo imene anthu a kuno saiiwala. Zigawenga za Renamo zinalowa m'Angónia m'zaka za m'ma 1980. Munda wa CAIA unagwa. Pa 30 October 1985 ansembe awiri achijezwiti, João de Deus Kamtedza, mwana wa m'mapiri momwemu, ndi Sílvio Moreira, anatengedwa usiku pa Chapotera n'kuphedwa. Chakumapeto kwa 1986, chaka chimene Samora Machel anafa pa ngozi ya ndege ku Mbuzini, nayo tawuni ya Ulongwe inathiridwa nkhondo. Munthu wa mfuti, kaya wa mbali iti, akafika pamudzi choyamba kufunsa chinali chakudya, ndipo khola silibisika. Ng'ombe zinaphedwa kudyetsa misasa ya asilikali, zina zinakusidwa kukagulitsidwa kutsidya pa mtengo wolira, zina zinafa ndi nkhupakupa chifukwa madibi anasiya kugwira ntchito. M'dziko lonse la Mozambique, ng'ombe zimene zinkapitirira miliyoni imodzi nkhondo isanayambe zinatsala gawo laling'ono chabe. Nyama yowotcha ya zaka zimenezo inali ya wamfuti, mwini wake akuonerera chapatali kapena ali m'thengo.

Anthu anawoloka. Pofika 1992 Malawi inali itasunga anthu oposa miliyoni imodzi othawa nkhondo ya ku Mozambique, ndipo Dedza ndi Ntcheu analandira ochuluka zedi. Chodabwitsa kwa alendo ochokera kunja chinali chakuti ambiri a iwo sanatsekeredwe m'misasa ya mipanda. Anamanga tinyumba m'midzi, kuseri kwa nyumba ya malume, pa munda wa msuweni, pa malo operekedwa ndi nyakwawa ya mfunda womwewo. Chibale ndi fupa, sichiwola. Ena ankatha kuona denga la nyumba yawo yakale ali chiimire pa M1, ndipo olimba mtima ankazemba m'bandakucha kukalima kapena kukakumba mbatatesi kwawo, dzuwa likamakwera n'kubwerera. Chakudya cha chithandizo chinali ufa, nandolo kapena nyemba, mafuta ophikira ndi mchere. Mwana wobadwa m'zaka zimenezo anakula osaona ng'ombe ikugwa pa khola la agogo ake, osadziwa gawo lake. Koma anakulira pa msika. Misika ya m'malire inakula ndi khamu limeneli, gawo lina la chakudya cha chithandizo linkagulitsidwa kuti papezeke ya sopo, ndipo anyamata opanda minda anaphunzira geni.

Pangano la mtendere linasainidwa ku Rome pa 4 October 1992, ndipo anthu a ku Angónia anali m'gulu la oyamba kubwerera, popeza kwawo kunali kuseri kwa msewu. Anapeza minda itamera tchire, makola atagwa. Anayambira pansi: nkhuku, kenaka mbuzi, kenaka nkhumba, imene imaswa ana ambiri ndi kukula msanga ndi madeya. Ng'ombe inabwera pomalizira, yaing'ono ya linunda ija imene akatswiri a ziweto amaitcha ndi dzina la Angoni lomwelo, ndipo inabwera kudzakoka ngolo ndi pulawo. Nthaka imene inagona zaka zambiri inabereka modabwitsa. Chimanga, nyemba, soya ndi mbatatesi zinayamba kutsikira ku Tete ndi ku Beira, zina kuwolokera ku Lilongwe ndi Blantyre. Kampani ya Mozambique Leaf Tobacco inalowetsa alimi ambiri mu ulimi wa fodya wa pangano. Ku Malawi nako, ulamuliro wa chipani chimodzi utatha mu 1994, malonda a m'mbali mwa msewu anamasuka. Magalimoto akuluakulu ochokera ku doko la Beira anayambanso kudutsa pa Calomue kulowa ku Dedza. Tsopano zonse zinakumana pamalo amodzi: mbatatesi ya ku Tsangano, mafuta a m'botolo, nkhumba ndi mbuzi za m'midzi, dalaivala wanjala ndi mlimi amene wangolandira ndalama za fodya. Chiwaya cha masiku ano chinakula pamenepo.

Pa tsiku la msika ntchito imayamba kusanache. Mbuzi zimabwera zitamangidwa pa kaliyala wa njinga, nkhumba pa ngolo kapena pa njinga yamoto, ndipo abutchala amakhala atagwirizana kale mtengo ndi eni ziweto kumudzi. Nyama imapachikidwa pa mtanda wa mitengo kuti wogula aone yekha kuti ndi ya lero. Pambali pake pali chiwaya, chitsulo chosulidwa mobooka pakati, chokhazikidwa pa uvuni wa njerwa ndi dothi. Pakati pamakhala mafuta owira, m'mphepete mowuma ndimo mumakankhidwira nthuli zakupsa kuti zisazizire. Wina ali ndi waya pa mbaula ya makala, akutembenuza kanyenya wa mbuzi kapena nkhuku ya piripiri. Wina wakhazika mphika wa mang'ina umene wakhala ukubwata kuyambira usiku. Pali kapado wa mafuta ake, chiwindi, nthumbwana zokulungidwa ndi matumbo, zipalapasiro za ana asukulu, tchipisi ndi zigege. Mchere ndi tsabola wa kambuzi zili pa kambale, aliyense amadzithirira.

"Lawani kaye, achimwene, iyi ndi yofewa," amatero mnyamata wa pa chiwaya, kanthuli kali kunsonga ya mpeni. Wogula amalawa, amaloza nthuli zimene wazikonda, ndipo pomaliza salephera kunena kuti, "Nanga basela, aise?" Pa Lizulu munthu amagula tsidya lino n'kukadyera tsidya linalo, chifukwa msika uli mbali zonse za msewu, ndipo kwacha ndi metikali zimayenda m'thumba limodzi. Ku Ulongwe, komwe kunakhala manisipaliti mu 2008 ndipo kuli ophunzira za ulimi a yunivesite ya UniZambeze, madzulo anthu amakhala m'mabaraka, botolo la 2M kapena Manica lili patebulo, mawu a Chipwitikizi akulowerera m'Chichewa. Mbuzi ya ku chigwa, imene imadya masawu ndi malambe ndipo inalembetsedwa mwalamulo ndi dzina lakuti Cabrito de Tete, ndiyo yotchuka m'mahotela a ku Maputo. Ya kumapiri ilibe chiphaso chotero, koma ili ndi mbatatesi yokumbidwa dzulo pambali pake ndi mphepo ya June imene imachititsa munthu kuyandikira moto asanafunse n'komwe mtengo.

Akuluakulu ena amadandaula kuti nyama yatha ulemu. Amati kale mwana sankatambasula dzanja pamene madoda akudya, lero mwana wa zaka khumi ali ndi kandalama kake amaima pa chiwaya chimodzi ndi nyakwawa. Akunena zoona, ndipo chilipo chimene chinatayika: kugawa kuja kunkakumbutsa munthu aliyense kuti ali ndi abale, ndipo wosauka wa pamudzi ankalawa ng'ombe popanda kulipira. Lero wopanda ndalama amangomva fungo. Komabe ine ndimaima ndi chiwaya. Mayi amene wagulitsa kabichi wake tsiku lonse sadikiranso kuti amuna akhute kuti alandire zotsala. Amaloza nthuli imene akuifuna. Mdzukulu wa kapolo ndi mdzukulu wa inkosi amalipira mtengo umodzi. Ndipo anyamata ambiri amene nkhondo inawalanda sukulu ndi khola anamanga nyumba za malata, kulowola ndi kuphunzitsa ana ndi chitsulo chimenechi.

Mwambo wakale sunafe. Chaka ndi chaka Angoni a Maseko amasonkhana pa Nkolimbo ku Ntcheu pa mwambo wa Umhlangano, pansi pa Inkosi ya Makosi Gomani V, ndipo a ku Angónia amabwera ndi mafumu awo, zishango ndi nthenga zili kumutu. Ng'ombe zimaphedwa, makolo amatchulidwa, uwende umaphikidwa. Pa maliro a munthu wamkulu m'midzi ya ku Domwe, kagawidwe ka nyama kakadali nkhani yoti akulu aikhalire pansi.

Mavuto a lero ndi a mtundu wina, ndipo okonda nyama ya kuno ayenera kuwayang'ana. Chigodola cha nkhumba sichichoka m'Angónia. Chikabuka, mlimi amathamangira kupha ziweto zisanafe zokha, nyama n'kutchipa pa msika, matenda n'kuyenda ndi njinga kupita mudzi wina. Choopsa china n'chosaoneka msanga. Akatswiri a za ziweto ndi a zaumoyo amene anafufuza m'bomali anapeza kuti nkhumba zambiri zoyenda zokha zili ndi timatuza toyera m'minofu, timene ena amatitcha masese. Munthu akadya nyama yotero yosapsa bwino amakhala ndi njoka ya m'mimba, ndipo mazira a njokayo akafalikira kumene kulibe zimbudzi amatha kulowa m'thupi la munthu wina n'kukafika ku ubongo, n'kuyambitsa khunyu. Abutchala odziwa ntchito amayang'ana kunsi kwa lilime la nkhumba asanagule, koma ena amagula yomweyo chifukwa ndi yotsika mtengo. Mankhwala ake si apatali: khola la nkhumba, chimbudzi pakhomo, woyeza nyama pa msika, ndi nthuli yopsa mpaka mkati. Nazo nkhuni zikusowa. Mapiri amene ankabisa othawa nkhondo ayera ndi makala, nkhuni za pa chiwaya ndi mitengo ya zigafa za fodya, ndipo mnyamata wa pa chiwaya tsopano amawerengera mtolo wa nkhuni pa mtengo wa nthuli iliyonse. Akuba ng'ombe nawo amadziwa kuti chiweto chikangodumpha msewu usiku chalowa m'dziko lina, ndipo pofika m'mawa chimakhala chili kale pa mtanda wa butchala.